uMabatha

uMabatha ndi sewero la m'Chizulu limene Welcome Msomi (1943-2020), mbadwa ya ku Durban, analemba potsata nkhani ya Macbeth ya William Shakespeare. Linaonetsedwa koyamba mu 1970 pabwalo la zisudzo lapamtetete la University of Natal, m'chilankhulo cha m'makomo a ku Umlazi ndi madera ena amene boma la tsankho linaikako anthu akuda a mumzindawo.

Msomi anaisamutsira nkhaniyi ku dziko la Azulu a m'zaka za m'ma 1800, kumene mbiri ya mfumu Shaka, yemwe anaphedwa ndi abale ake mu 1828, inali yodziwika kale. Macbeth anasanduka Mabatha, mfumu Duncan nkukhala Dangane, mkazi wa Mabatha nkutchedwa Kamadonsela. M'malo mwa mfiti zitatu za m'nkhani ya Shakespeare munalowa asing'anga oombeza maula, ndipo kusinthaku n'kwanzeru, chifukwa mawu a woombeza Mzulu sawatenga mwachibwana. Mphamvu ya seweroli ili m'ng'oma, nyimbo ndi magule ankhondo a amuna onyamula zishango. Ngakhale wosamva Chizulu amatsatira bwinobwino.

Mu 1972 linafika ku Aldwych Theatre ku London. Analidzutsanso ku Johannesburg mu 1995, kenako mu 1997 linaonetsedwa ku Shakespeare's Globe.

Ku Japan, Yukio Ninagawa anachita zofananako mu 1980 ndi Macbeth wa m'Chijapani, amene anamuika m'nthawi ya asamurai, nkukamuonetsa ku Edinburgh mu 1985.