Amene Saoneka pa Cithunzi ca Cikho

Timu ya mpira wamanja ikalandira cikho mumaona atsikana asanu ndi awiri akumwetulira pa cithunzi. Koma kodi munadzifunsapo kuti analemba maina ao ndani, kapena anagula mpira ndani? Mbiri ya masewerawa ndi mbiri ya anthu otere.

Mu 1891 James Naismith anayambitsa basketball pa sukulu ya YMCA ku Springfield, m'dziko la America. Patangopita zaka zocepa, masewerawo anafika ku England, pa koleji ya Mai Martina Bergman Österberg imene inali kuphunzitsa atsikana kukhala aphunzitsi a masewera. Atsikanawo anasintha malamulo kufikira panabadwa masewera ena, amene lero tikuti netball. Mu 1901 bungwe la aphunzitsiwo, lochedwa Ling Association, linasindikiza malamulo oyamba. Kucokera pamenepo aphunzitsi ndiwo ananyamula masewerawa kusukulu ndi sukulu, mpaka kumaiko a kuno kwathu.

Bungwe loyang'anira mpira wamanja m'dziko lonse la England linakhazikitsidwa mu 1926. Nchito zake zambiri zinali m'manja mwa amai odzipereka, amene anali kulemba makalata ndi kusonkhetsa ndalama atawerukako ku nchito zao. Mu 1960 nthumwi za England, Australia, New Zealand, South Africa ndi West Indies zinakumana ku Ceylon, kumene lero ndi Sri Lanka, ndi kukhazikitsa bungwe la dziko lonse lapansi. Mpikisano woyamba unacitikira ku Eastbourne mu 1963, ndipo pa matimu 11 Australia ndiyo inapambana.

Nafenso tinafikako. Anansi athu a ku Malawi anasewera ku Birmingham mu 1995 natenga malo a nambala 8, ndipo ku Auckland mu 2007 anakwera kufika pa nambala 5. Zambia inasewera ku Christchurch mu 1999 ndi ku Sydney mu 2015. Taganizani, mtsikana aliyense amene anavala yunifomu ya dziko anayambira pa bwalo lina la fumbi, pamene wina anapatula madzulo ake kuti amuphunzitse.

Nanga kuno kwa Kambombo? Atsikana odziwa kuponya tili nao. Koma kangati mwaona timu yabwino ikufa mpikisano wa masukulu ukangotha? Mpira ukaphulika palibe wogula wina. Mitengo ya zigoli imagwa ndi ciswe. Mvula ikayamba onse ali ku minda ya mpunga, ndipo pokolola palibe woitananso anzake. Osankha osewera a boma la Chama kapena a cigawo sangaone mtsikana amene dzina lake silinalembedwe m'buku la timu iliyonse. Luso lake limathera pakhomo.

Nchito zimene zinamanga mabungwe aja ndi zomwezo zikusowa pakati pathu. Wapampando aitana misonkhano ndi kupempha bwalo kwa ahedi kapena kwa anyakwawa. Mlembi asunga maina a osewera ndi zotsatira, ndiponso alemba makalata opempha masewera. Msungacuma alemba ngwee iliyonse, nawerenga pamaso pa onse, pakuti matimu ambiri amapasuka cifukwa ca ndalama. Oimbira amafunika awiri pa masewera alionse, ndi wina wosunga nthawi ya zigawo zinai za mphindi 15. Pafunikanso woyeza bwalo, mamita 30.5 m'litali ndi 15.25 m'lifupi, ndi kulemba mizere ndi phulusa. Ndipo musaiwale mai wacikulire woperekeza atsikana pa ulendo, cifukwa popanda iye makolo ambiri sadzalola.

Anyamata, musanene kuti izi n'za akazi okha. Kukumba maenje a zigoli ndi kunyamula madzi pa njinga mungathe ndithu, malinga utsogoleri muusiyire eni ake.

Akulu anati walira mvula walira matope. Ngati mufuna cikho, landiraninso buku, phulusa ndi misonkhano. Pamene gulu lanu lidzakumana sabata ino, bwerani ndi kope limodzi, ndipo pa dzina lililonse mulembepo nchito yake.