Chamba tsidya lino, suruma tsidya lija

Njinga zonyamula chimanga ndi nandolo wa ku Milange, m'dziko la Mozambique, zimawoloka mtsinje wa Muloza tsiku ndi tsiku kulowa m'boma la Mulanje. Anthu a tsidya lino ndi a tsidya lija ndi pachibale, amakwatirana komanso kuikana maliro. Koma pa nkhani ya chamba, chomwe ku Mozambique amati suruma, malamulo awo anapatukana m'chaka cha 2020.

Chomerachi chinachokera ku Asia, ndipo chinafika kuno ndi amalonda a pa nyanja ya Indian Ocean. Wansembe wachipwitikizi João dos Santos, yemwe anakhala ku Sofala ndi m'chigwa cha Zambezi, anachitchula kuti bangue m'buku lake la 1609. Ndiye kuti makolo athu ankachidziwa kalekale malire asanadulidwe.

Chiletso chinabwera ndi mapangano a mayiko: la ku Geneva mu 1925, kenako la United Nations mu 1961, lomwe linaika chamba m'gulu la mankhwala oopsa zedi. Ulimi wake sunathe, unangolowa m'tchire. Ku Nkhotakota alimi ankachikulunga zolimba m'makungwa a nthochi, nkumachigulitsa mobisa mpaka chinatchuka kunja ndi dzina loti Malawi Gold. Mozambique nayo inakhwimitsa chiletso ndi lamulo la 3/97 la mu 1997, lomwe likugwirabe ntchito ku Milange.

Ku Malawi zinthu zinayamba kusintha mu 2015, pamene phungu wa kumpoto kwa Ntchisi, a Boniface Kadzamira, anapempha Nyumba ya Malamulo kuti ilole ulimi wa chamba cha m'mafakitale. Aphungu anzawo anawaseka. Komabe kafukufuku anayambika ku Chitedze mogwirizana ndi kampani ya Invegrow, uku Lesotho mu 2017 ndi Zimbabwe mu 2018 akutsegula khomo la chamba cha mankhwala. Mu February 2020 Nyumba ya Malamulo ya ku Malawi inavomereza lamulo la Cannabis Regulation Act. Amene analibweretsa anali nduna ya zamalimidwe, a Kondwani Nankhumwa, phungu wa Mulanje yemweyu. Mu December chaka chomwecho, United Nations inachotsa chamba m'gulu loopsetsetsa lija, povomereza kuti chili ndi ntchito kuchipatala. Nzoonadi, mafuta a CBD ochokera m'chomerachi amathandiza ana odwala mitundu ina yovuta ya khunyu, ndipo mankhwala ena a chamba amachepetsa nseru kwa odwala khansa.

Lamuloli silinalole kusuta, ndipo wopezeka ndi chamba popanda chilolezo amamangidwabe. Bungwe la Cannabis Regulatory Authority litakhazikitsidwa, linati chiphaso cholimira chamba cha mankhwala ndi madola 10,000 a ku America. Mlimi wodalira khasu ndi thumba limodzi la feteleza angazitenge kuti ndalama zoterezi? Amene anasunga mbewuyi zaka zonsezi, ena mpaka kukaseweza kundende, anatsala kunja kwa mpanda.

Apa mpamene pali phunziro kwa aphungu a ku Maputo. Tsiku limene adzakambirane za suruma ya mankhwala, ayambe aganizira mlimi wa m'tsinde mwa phiri la Tumbine ku Milange ndi mayi amene mwana wake amagwa khunyu. Chiphaso chikhale chotheka kwa magulu a alimi ang'onoang'ono, ndipo mankhwalawo ayezedwe bwino, alembedwe ndi dokotala, apezeke m'zipatala za boma pa mtengo woti wosauka angakwanitse.