Mphamvu Yotsalira ndi Nkhani ya Hydrino

Mphamvu yotsalira, imene akatswiri a fizikisi amaitcha zero-point energy, ndi kunjenjemera komwe kumatsala m'tinthu ting'onoting'ono topanga zinthu zonse, ngakhale titazizira kufika pa madigiri -273.15 pomwe kuzizira kumathera. Woyamba kuitchula m'masamu ake anali Max Planck wa ku Germany mu 1911. Si yopeka ayi. Ndiyo imachititsa kuti hiliyamu, akazizira n'kukhala wamadzimadzi, asaume gwa ngakhale mutamuziziritsa chotani, pokhapokha mutamupanikiza kwambiri. Mu 1948 Hendrik Casimir wa ku Netherlands anawerengera kuti tizitsulo tiwiri tosalala, tikayandikana kwambiri pamalo opanda mpweya, tidzakokana tokha chifukwa cha mphamvuyi, ndipo Steve Lamoreaux anayeza kukokanaku mu 1997.

Pamene pavuta ndi poikolola. Makina amapeza mphamvu chinthu chikamatsika. Ku Nkula ndi ku Tedzani madzi a mu Shire amazunguza makina a EGENCO chifukwa akugwa. Akafika pansi ntchito yawo pamalopo yatha. Mphamvu yotsalira ndiyo pansi penipenipo. Ilipo ndithu, koma ilibe kotsikira.

Apa ndiye pakulowa nkhani ya hydrino. Atomu ya haidirojeni ili ndi pulotoni imodzi ndi elekitironi imodzi. Niels Bohr anaonetsa mu 1913 kuti elekitironiyo imakhala pa masitepe odziwika, ndipo kuti muichotse pa sitepe yotsikitsitsa pafunika ma electronvolt 13.6. Mu 1991 Randell Mills, wa ku America yemwe anaphunzira udokotala ku Harvard, anayamba kunena kuti pansi pa sitepe imeneyi palinso ena. Iye akuti elekitironi ikakankhidwirako, atomu imafota kufika theka la kukula kwake kapena kucheperapo, n'kutulutsa kutentha koposa kwa haidirojeni woyaka moto. Atomu yofotayo ndiyo anaitcha hydrino. Popeza haidirojeni ali m'madzi, lonjezo lake linali lokoma m'makutu: magetsi ochokera m'madzi.

Kampani yake ya ku New Jersey, BlackLight Power, yomwe pano ikutchedwa Brilliant Light Power, inatolera madola mamiliyoni ambiri kwa anthu oikamo ndalama. Koma mu 2000 ofesi ya boma la America yoteteza umwini wa zinthu zotulukiridwa inabweza pempho lina la kampaniyi litatsala pang'ono kutuluka, ndipo khoti la apilo linagwirizana nayo mu 2002. Mu 2005 Andreas Rathke wa ku European Space Agency anasanthula masamu a Mills n'kupeza kuti akudzitsutsa okha. Palinso funso losafuna masamu: haidirojeni ndiye wochuluka kuposa zonse m'chilengedwe, nanga zikanakhala kuti amafota, akanatsala bwanji wosafota zaka mabiliyoni onsewa? Zaka zoposa 30 zadutsa makina olonjezedwawo osafika pamsika.

Malonjezo otere amamveka msanga kumene magetsi ali osowa. Kalembera wa 2018 anapeza kuti mabanja pafupifupi 11 pa 100 alionse m'Malawi ndiwo ankaunikira magetsi. Kwa Simlemba ndi madera ena a fodya ku Kasungu, mlimi wowamba fodya m'balani amadziwa mtengo wa ngolo ya nkhuni, ndiye mphamvu yaulere angaikane ndani? Kumayambiriro kwa 2024 atolankhani analemba za mnyamata wa ku Dowa yemwe ankati jenereta yake imayendera mpweya wokha. Akatswiri anadandaula kuti sanaululiridwe momwe imagwirira ntchito.

Za William Kamkwamba wa kwa Wimbe, ku Kasungu komweko, n'zosiyana ndi zimenezi. Makina amene anamanga mu 2002 ndi zitsulo zotola komanso dainamo ya njinga analibe chinsinsi: mphepo inkazunguza mapiko, mapiko n'kuzunguza dainamo, ndipo aliyense wofika kumudzi kwawo kwa Masitala ankatha kulondola waya ndi maso mpaka pa babu.