Malatang

Malatang ndi chakudya cha ku China chomwe wodya amasankha yekha nyama, masamba, bowa ndi ma noodles, kenako ophika amaziwiritsa mu msuzi wa tsabola n'kumupatsa m'mbale imodzi. Ndi mtundu wa hotpot, yomwe m'Chitchaina imatchedwa huoguo, kutanthauza "mphika wa moto". Pa hotpot yeniyeni anthu amakhala mozungulira mphika umodzi n'kumadziphikira okha patebulo, pomwe malatang amaphikidwira kukhitchini ndipo aliyense amadya zake. N'chifukwa chake ena amawatchula kuti hotpot ya munthu mmodzi.

Dzina

Dzinali lapangidwa ndi mawu atatu. "Ma" ndi dzanzi, "la" ndi kuwawa kwa tsabola, ndipo "tang" ndi kutentha kowotcha pakamwa. Anthu ambiri akunja amaganiza kuti "tang" ndi msuzi, chifukwa m'Chitchaina muli liwu lina lomveka mofanana lotanthauza msuzi, koma awiriwa amalembedwa mosiyana.

Dzanzilo limachokera ku huajiao, timakoko ta zipatso za mtengo wotchedwa Zanthoxylum. Ngakhale amatchedwa tsabola wa ku Sichuan, mtengowu uli m'banja limodzi ndi malalanje ndi mandimu. M'timakokomo muli mankhwala otchedwa sanshool omwe amachititsa milomo ndi lilime kunyerenyetsa. Tsabola wofiira ndi mlendo ku China: anachokera ku America ndipo anafika kumapeto kwa zaka za m'ma 1500, pomwe huajiao anali atadyedwa kale kwa zaka mazana ambiri.

Mbiri

Malatang anayambira m'chigawo cha Sichuan, ndipo mzinda womwe umatchulidwa kwambiri ndi Leshan. Nkhani yomwe imakambidwa ndi yakuti anthu okoka mabwato m'mitsinje ankakoleza moto pagombe n'kuwiritsa masamba ndi chilichonse chomwe apeza m'madzi a tsabola kuti athane ndi kuzizira. Pambuyo pake ogulitsa m'misewu anayamba kubaya zakudya patimitengo n'kumaziviika mu mphika. Njirayi ikadalipo ku Chengdu, komwe imatchedwa chuanchuan. Kumeneko munthu akamaliza kudya, amawerenga timitengo tomwe wasiya kuti adziwe ndalama yolipira.

Koma malatang omwe afala masiku ano anasinthidwa kutali kwambiri ndi Sichuan, kumpoto chakum'mawa kwa China. Yang Guofu anatsegula malo ake odyera ku Harbin mu 2003, ndipo Zhang Liang anayamba ake mu 2008. Iwo anachepetsa tsabola ndi mafuta, n'kumagwiritsa ntchito msuzi wa mafupa womwe munthu atha kumwa. Ku Sichuan msuziwu ndi wophikira basi, ndipo ambiri saumwa. Kampani ya Yang Guofu inali ndi nthambi zoposa 5,000 pofika mu 2021. Ndi chinthu chodabwitsa ndithu kuti chakudya chodziwika ndi dzina la Sichuan chinafalitsidwa ndi anthu a m'chigawo cha Heilongjiang.

Kadyedwe kake

Munthu akalowa m'lesitilanti amatenga kabeseni ndi chopanira pakhomo. Kukhoma kumakhala mafiriji otsegula okhala ndi mashelefu a zakudya zosaphika. Pamakhala tchayinizi, sipinachi, mbatata ya kachewere yodula mopyapyala, chimanga, bowa wamitundumitundu, mazira a zinziri, tofu yemwe amapangidwa kuchokera ku soya, nyama ya ng'ombe kapena ya nkhosa, nthumbwana ndi timibulu ta nsomba. Ma noodles amakhala a tirigu, a mpunga kapena a mbatata.

Akamaliza kusankha amapita nako kabeseniko pasikelo. Ku China mtengo umawerengedwa kawirikawiri pa jin, yemwe ndi magalamu 500. Malo ena amayeza nyama ndi masamba padera, ena amaika mtengo umodzi pa zonse. Apa m'pomwe alendo ambiri amalakwitsa. Beseni limakhala lalikulu dala, choncho zakudya zimaoneka zochepa, ndipo munthu amangowonjezera mpaka ndalama ikwere kuposa momwe amaganizira. Mbatata, chimanga ndi timibulu ta nsomba n'zolemera, pomwe masamba ndi opepuka koma amafota akapsa. Ma noodles ouma amafufuma mu msuzi, motero ochepa amakwana. Odziwa amayamba akhetsa madzi pamasamba asanawaike m'beseni, chifukwa madziwo nawo amalipiridwa.

Pakauntala amafunsa mtundu wa msuzi ndi kuchuluka kwa tsabola. Pali msuzi wa mala, wa mafupa, wa tomato ndi wa bowa. Wogula amapatsidwa nambala, ndipo chakudya chimabwera pakangopita mphindi zochepa. Kenako amapita patebulo la zokometsera, pomwe pamakhala adyo wosinja, viniga, mafuta a tsabola, mtedza ndi phala la chitowe. Chitowecho chimakondedwa kwambiri kumpoto chifukwa chimakhuthalitsa msuzi ndi kuziziritsa tsabola. Wina akafuna zakudya zomwezo zokazinga popanda msuzi, amapempha mala xiangguo.

Thanzi

Ubwino wa malatang ndi wakuti munthu atha kudzaza mbale ndi masamba, ndipo zonse zimawiritsidwa. Vuto lalikulu ndi mchere ndi mafuta zomwe zimachuluka mu msuzi ndi m'nyama zokonzedwa kufakitale, choncho odwala matenda othamanga magazi ayenera kusamala. Osadya nyama ya nkhumba kapena omwe thupi lawo limadana ndi mtedza kapena nkhanu ayenera kufunsa kaye, chifukwa msuzi wa mafupa nthawi zambiri umakhala wa nkhumba kapena ng'ombe, ndipo m'malo ena zakudya za anthu osiyanasiyana zimawiritsidwa mu mphika umodzi, chilichonse m'kasefa kake.

Kufalikira

Kumapeto kwa zaka za m'ma 2010 malatang anatchuka kwambiri pakati pa achinyamata ku South Korea, ndipo malo ogulitsa anachuluka ku Singapore, Australia ndi m'mizinda ina yomwe muli ophunzira ambiri ochokera ku China. Kumayambiriro kwa 2024, makanema a pa intaneti anatchukitsa malatang a mumzinda wa Tianshui m'chigawo cha Gansu, omwe amathiridwa mafuta ambiri a tsabola wonunkhira koma wosawawa kwambiri. Alendo anakhamukira kumeneko mpaka akuluakulu a mzindawo anaika mabasi apadera opita kumalo odyera.