Lupanga la ku Japan ndi khasu la Amang'anja

Ndikamaphunzitsa mbiri ya Amaravi ndimakonda kutchulako kachitsulo ka ku Japan kotchedwa tsuba. Kankakhala pamene pathera chigwiriro cha lupanga la asilikali a samurai, kuti kaziteteza dzanja. Amisiri ankakazokota maluwa kapena mbalame, n'kukhomeramo golide, siliva ndi mkuwa. Banja la Goto linakongoletsa malupanga kwa zaka pafupifupi 400. Mu 1876 boma linaletsa kuyenda ndi lupanga, msika n'kugwa. Koma luso silinafe ayi. Amisiriwo anayamba kupanga ziwiya zokongoletsera m'nyumba.

Nanga kwathu kuno? Mu 1859 David Livingstone anapeza Amang'anja akuyenga chitsulo m'ng'anjo, akusula makasu, mikondo, mipeni ndi zigwinjiri. Makasu awo ankagulitsidwa mpaka ku Zambezi. Nkhondo za ukapolo zinabalalitsa midzi, kenako kunabwera makasu a kunja. Ng'anjo zinazima, luso loyenga n'kupita nawo eni ake kumanda.

Abale anga, kuchokera ku Chitawira kuno kukafika ku Chichiri Museum, yomwe inatsegulidwa mu 1966, ndi ulendo wapansi. Tiyeni tiziwatengerako ana, angamaganize kuti chitsulo chinabwera ndi azungu.