Mmene Nzeru Yoyeza Magazi Inafikira ku Zipatala za Kutali

Tonse tikudziwa kuti magazi ndiwo moyo. Koma ndi ochepa mwa ife amene adziwa kuti magazi omwewo angathe kupha munthu ngati sagwirizana ndi a m'thupi mwake. Nzeru yoyeza kugwirizanaku inayenda ulendo wautali isanafike m'zipatala zathu, ndipo nkoyenera kuti ulendowo tiudziwe.

M'chaka cha 1818 dotolo wa ku London, James Blundell, anayamba kuika magazi a munthu mwa munthu mnzake. Ena anachira, ena anafa, popanda wodziwa chifukwa chake. Chinsinsicho chinaululika mu 1901 pamene Karl Landsteiner wa ku Vienna anasakaniza magazi a anzake a pantchito, naona kuti ena akumatana timibulu. Potero anapeza magulu atatu amene lero tiwatcha A, B ndi O; lachinayi, AB, linapezeka chaka chotsatira. Mu 1907 Reuben Ottenberg wa ku New York anayamba kuyeza magazi a wopereka pamodzi ndi a wodwala asanawaike m'thupi. Gulu la Rh linadziwika mu 1940, ndipo mu 1945 Robin Coombs ndi anzake ku England anapeza njira yogwirira asilikali a m'thupi amene amakakamira ku maselo ofiira mosaonekera.

Tsono nzeru yonseyi inabadwira m'mizinda ikuluikulu. Nanga chipatala cha kutali, kumene woyeza magazi ali mmodzi yekha, chikanatani? Kumtumiza kusukulu miyezi ingapo kunali kusiya odwala pangozi. Kumsunga osaphunzira kunalinso ngozi. Pakuti magazi olakwika akalowa m'thupi, maselo ofiira amasweka, wodwala amanjenjemera, mkodzo umada, impso zimaleka ntchito, ndipo imfa sikhala patali.

Mu 1975 msonkhano waukulu wa bungwe loona za umoyo pa dziko lonse, WHO, unapempha maiko kuti akhazikitse mabungwe osamala magazi, odalira anthu opereka mwaufulu. Kubwera kwa Edzi m'zaka za m'ma 1980 kunaonetsa poyera kuti ogwira ntchitoyi ambiri analibe maphunziro okwanira. Chifukwa chake mu 1993 bungweli linatulutsa mabuku ophunzirira patali otchedwa Safe Blood and Blood Products, amene anakonzedwanso mu 2002. Buku lina linali la kasankhidwe ka opereka magazi, lina la kuyeza HIV ndi matenda ena, ndipo lina, Blood Group Serology, linali la magulu a magazi ndi kugwirizana kwake. Wophunzira sanali kuchoka pantchito. Ankawerenga, kuyankha mafunso odziyesa yekha, ndi kuchita zimene wawerengazo pomwepo m'chipinda choyezera, mothandizidwa ndi mlangizi. Ambiri a ife tikumbukira ana athu akuphunzira m'makalata ndi Malawi Correspondence College. Njira yake inali yomweyo.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000 kunatulukanso The Clinical Use of Blood, buku la madotolo ndi anamwino, lowaphunzitsa nthawi yoyenera kuika magazi, nthawi yoyenera kuleka, ndi kufunika kofananiza dzina la wodwala ndi zolembedwa pa thumba la magazi asanawaike. Lero maphunziro otere amayendanso pa intaneti, koma cholinga sichinasinthe: phunziro lipite kwa wantchito, wantchito akhale pafupi ndi odwala ake.

Kwathu kuno bungwe la Malawi Blood Transfusion Service linakhazikitsidwa mu 2003 kuti lizisonkhanitsa ndi kuyeza magazi. Komabe kuyeza kotsiriza, kosakaniza madzi a m'magazi a wodwala ndi maselo a wopereka, kumachitika m'chipatala momwe wodwalayo wagona. Pamenepo moyo wa mayi wotaya magazi pobereka, kapena wa mwana amene malungo amutha magazi, uli m'manja mwa munthu amene mwina dzina lake sitidzalimva.

Abale, mbiri imeneyi itiphunzitse ziwiri. Choyamba, woyeza akachedwa tisamdzudzule, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha. Chachiwiri, nzeru yake ngakhale ikule bwanji, singathandize ngati mosungira magazi muli mbee. Iye waphunzira mbali yake. Mbali yathu ndiyo kutambasula dzanja ndi kupereka.