Nkhondo Imodzi, Okamba Awiri

M'masukulu a ku Kawale, mu mzinda wa Lilongwe, ana a Achewa ndi ana a Angoni amakhala pa benchi limodzi. Makolo ao akale anakumana ndi mikondo, ndipo mbiri ya kukumanako ili ndi okamba oposa mmodzi.

M'chaka cha 1835 Angoni a Zwangendaba anaoloka Zambezi, tsiku limene dzuwa linada masana. Patapita zaka, magulu a Angoni anayamba kuthira nkhondo midzi ya Achewa. Achewa ena anamanga malinga, ena anathawira m'mapiri, monga anthu a Mazengera amene anakwera phiri la Nkhoma.

Nkhani zimenezi zinalembedwa ndi ana a mbali zonse ziwiri. Mbusa Yesaya Chibambo wa ku Ekwendeni analemba za Angoni a kumpoto. Buku lake linatuluka m'Chingerezi mu 1942, ndipo la m'Chitumbuka, lotchedwa Midauko, linadza pambuyo. Samuel Nthara, mphunzitsi wa ku Nkhoma, yemwe analemba Nthondo, anasonkhanitsa mau a nkhalamba za Chichewa nalemba Mbiri ya Achewa. Onse awiri anamva kwa akuluakulu, koma akuluakuluwo sanali a mudzi umodzi.

Mwana woyamba kuwerenga amaphunzira kuti wokamba akati "ine" kapena "ife" ali m'kati mwa nkhani, ndipo akati "iye" kapena "iwo" ali kunja. Chiphunzitso ichi n'chabwino, koma sichikwanira, pakuti munthu angathe kunena "iwo" mtima wake uli kwao. Ulendo umene mdzukulu wa ankhondo autcha chamuna, mdzukulu wa othawa aukumbukira ndi nkhokwe zopsa ndi abale ogwidwa ukapolo.

Tsono wowerenga wanzeru adzifunse mafunso atatu. Kodi wokambayu anamva kwa yani? Ndani amene watchulidwa ndi dzina lake, ndipo ndani amene angotchedwa adani? Nanga maliro amene aliridwa m'bukumo ndi a yani?

Pabwalo la milandu mfumu sigamula isanamve mbali zonse ziwiri. Momwemonso mwana wa ku Kawale amene wamva Chibambo ayenera kumvanso Nthara, kuti angadane ndi mnzake wa pa benchi chifukwa cha theka la nkhani.